Land Cruiser 79, Patrol, Defender kapena Mahindra: yotitumikira kumapiri a Misuku ndi iti?

WaKhofi_Misuku
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu odziwa galimoto. Gulu lathu la alimi kuno ku Misuku lakhala likusonkha ndalama kuti tigule galimoto yathuyathu, chifukwa hayala ikutidyera phindu lonse. Ntchito yake idzakhala kukweza feteleza kuchokera ku Chitipa boma kapena ku Karonga, kutsitsa khofi, nyemba ndi nthochi, komanso kuthamangitsa wodwala usiku zikavuta. Amene munafikako mukuzidziwa zitunda zathu, ndiponso mmene dothi lofiira lija limaterera mvula ikagwa.

Tapeza zinayi zomwe mitengo yake siyikusiyana kwenikweni. Pali Land Cruiser 79 ya single cab, injini 1HZ, yoyenda mtunda wautali, idali ya bungwe lina. Pali Nissan Patrol pickup ya TD42. Pali Land Rover Defender 130 ya 300Tdi. Yomaliza ndi Mahindra Pik Up ya 4x4, yomwe ndi yatsopanoko kuposa zinzakezo. Komiti yagawikana pakati, ndipo ndalamazi ndi za anthu ambiri, sitingagulenso kachiwiri. Tithandizeni.

Mphwanga_Joni
Cruiser. Palibe choti mukambirane apa.

NaPhiri_Ntchisi
Achimwene a ku Joni, munthu wapempha nzeru, ndiye perekani chifukwa. Akakauza komiti kuti "wina wa ku Joni wati Cruiser", amumvera ndani?

Mphwanga_Joni
Chabwino achemwali. Kuno ku South Africa alimi ndi anthu a m'migodi amailimbirana 79, ndipo ngakhale yakale mtengo wake sugwa msanga. Tanthauzo lake n'loti gulu likadzavutika, lidzaigulitsa n'kubweza ndalama zochuluka. Pa zinayi mwatchulazo, imeneyo yokha ndiyo simungasowe woigula.

Sipanala17
Ine ndimagwira ntchito m'galaja kuno ku Mzuzu, ndipo zonse zinayi zimadutsa m'manja mwanga. Ndiyambe ndi injini, popeza ndipo pagona nkhani.

1HZ ndi ya dizilo, malita 4.2, masilinda 6 ondandalika, yopanda turbo. Toyota idayamba kuipanga mu 1990. Mphamvu zake ndi zochepa mukayerekeza ndi kukula kwake, pafupifupi 96 kW basi, koma pampu yake ndi yamakina wamba, yopanda kompyuta. Ikazima mumafufuza zinthu zowerengeka: dizilo akufika? mpweya walowa m'mapaipi? fyuluta yatsekeka? Dalaivala wophunzitsidwa bwino amatha kuona zimenezi yekha pamsewu. Chofunika kusamala ndi lamba wa timing, amene amagwirizanitsa kayendedwe ka mavalavu ndi mapisitoni. Akaduka injini ikuyenda, mavalavu amakumana ndi mapisitoni, ndipo ndalama yake ndi yolira nayo. Mukagula yoyenda kale, sinthani lambayo tsiku lomwelo, musamvere zoti "tangosintha kumene" popanda lisiti.

TD42 ya Patrol nayonso ndi 4.2, masilinda 6, koma ilibe lamba. Timing yake ndi ya magiya, ndiye vuto limenelo mulibe. Ndinene zoona, pa kulimba kwa injini, giyabokosi ndi ma diff (magiya ogawa mphamvu ku matayala), amakaniko ambiri timaiika Patrol patsogolo pa Cruiser. Giyabokosi ya 79 ya 1HZ ndi yopepukirapo, ndipo giya yachisanu siikonda kukokeredwa katundu wolemera pachitunda. Patrol siidandaula zimenezo.

Koma funso lomwe ndimafunsa kasitomala aliyense ndi ili: ikafa Lachisanu madzulo ku Misuku, chitsulo chake muchipeza kuti Loweruka? Cha Cruiser muchipeza ku Mzuzu, nthawi zina ngakhale ku Karonga, chatsopano kapena chochotsa ku inzake yakufa, chifukwa zipatala, mabungwe ndi boma akhala akugula zimenezi kwa zaka zambiri. Cha Patrol pickup mudzaimba mafoni ku Lilongwe ndi ku Blantyre, mwina mpaka ku Dar es Salaam. Ifa mwakamodzikamodzi, koma ikafa imakhalitsa pamiyala.

Patrol_Mpaka_Kale
Bambo Sipanala mwanena bwino, koma mwakokomeza za kusowa kwa masipeyala. TD42 idaikidwanso m'mabasi aang'ono a Nissan Civilian, ndipo amenewo m'dziko muno alimo. Zambiri za m'kati mwa injini zimagwirizana. Zomwe zimavuta ndi za bodi, magalasi ndi nyali.

Sipanala17
Pa injini ndikuvomera. Nanga Civilian ili ndi diff yakutsogolo? Ili ndi transfer case, bokosi lija logawa mphamvu ku matayala akutsogolo ndi akumbuyo? Zomwe msewu wa kumapiri umadya ndi za pansi, osati mapisitoni.

Patrol_Mpaka_Kale
Za pansi za Patrol sizithyoka wamba. Koma ndichenjeze a ku Misuku chinthu china: onetsetsani kuti ndi TD42 yeniyeni. Patrol Y61, yomwe idayamba mu 1997, ina idabwera ndi injini ya ZD30 ya malita 3.0, masilinda 4, ndipo zoyambirira za mtundu umenewo zidatchuka ndi kuboola mapisitoni. Tsegulani boneti muwerenge nokha mapaipi opita ku manozo (opopera dizilo m'masilinda), akhale 6. Komanso ngati idachokera ku Japan, komwe ankaitcha Safari, funsani ngati magetsi ake ndi a 12V kapena 24V, chifukwa mababu, sitata ndi alternator zimasiyana.

AgogoLandRover
Ana inu mukuiwala galimoto yomwe idatsegula misewu ya dziko lino. Ife tikukula, DC, dokotala wa ziweto, apolisi ndi abambo a ku mishoni onse ankayenda pa Land Rover. Idayamba mu 1948, Cruiser 70 yabwera mu 1984. Defender ili ndi masipulingi ozungulira matayala onse anayi, choncho tayala limatsatira nthaka, silinyamuka msanga m'mwamba pamalo okumbika. Four wheel yake ndi yanthawi zonse, simutsika m'matope kukakhoma ma hub (zokhomera za pa matayala akutsogolo), mumangokoka diff lock yapakati. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, siichita dzimbiri. Ndipo 300Tdi imamwa dizilo pang'ono kuposa ma 4.2 awiriwo, chifukwa ndi 2.5 yokhala ndi turbo. Pa msewu wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, wa makona okhota ngati 20 aja, ine ndingasankhe Defender tsiku lililonse.

NyasaBirmingham
Agogo ndikugwirizana nanu pa kukwera, koma ndiwonjezere. Ndimakhala kufupi ndi Solihull komwe ankaipanga, ndipo Defender yakaleyo adasiya kuipanga mu January 2016. Yatsopano yomwe idatuluka mu 2020 imapangidwa ku Slovakia, ilibe chasisi chapadera, yadzaza makompyuta, ndi galimoto ya anthu olemera. Dzina lokha ndilo lofanana.

Ubwino wake ngwoti masipeyala a yakaleyo kuno ku Britain ndi ambiri, makampani osiyanasiyana amapangabe pafupifupi chilichonse, ndipo sadula. Vuto ndi kuwafikitsa ku Chitipa: ndalama zakunja, kutumiza, msonkho, kudikira. Chinanso, bodi ndi ya aluminiyamu inde, koma chasisi ndi khoma lija la pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala ndi zachitsulo, ndipo zimadyeka. Ina imaoneka yosalala kunja pomwe pansi yatha. 300Tdi idapangidwa kuyambira 1994, ndiye iliyonse yomwe mungapeze ndi yachikulire ndithu. Lowani pansi ndi hamala, mugogode chasisi chonse, makamaka chakumbuyo.

AgogoLandRover
Land Rover imafuna mwini woikonda. Amene amaiyang'ana oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse siimukhumudwitsa.

NaPhiri_Ntchisi
Agogo, pamenepo ndiye mwayankha nokha. Galimoto ya gulu ilibe mwini mmodzi. Lero ayendetsa uyu, mawa uja, aliyense akuganiza kuti mnzake wathira kale madzi.

Sipanala17
Mayi Phiri anena mfundo yaikulu. Mutu wa 300Tdi ndi wa aluminiyamu. Paipi ya madzi ikaphulika dalaivala osaona msanga, gasiketi imapsa, mwina mutuwo kupindika. Nayonso ili ndi lamba wa timing. Kwa munthu mmodzi wodziwa sipanala ndi galimoto yokoma. Kwa komiti, ayi.

MlimiWaKasungu
Palibe amene akuyankhula za Mahindra, ngati kuti ndi choseweretsa. Amwenye aja adayamba ndi kulumikiza Jeep ya Willys kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, si alendo pa 4x4. Pik Up ili ndi injini ya mHawk 2.2 ya turbo, mphamvu zake 103 kW, kuposa 1HZ, ndipo diff yakumbuyo imadzikhoma yokha tayala limodzi likayamba kuterera. Kuyambira 2018 amazilumikizira ku Durban, choncho masipeyala sachokeranso ku India kokha. Ine ndili nayo pafamu, imanyamula mabelo a fodya ndi feteleza, lita imodzi imandiyendetsa makilomita opitirira 10. Anzanga a Cruiser amapeza 7 kapena 8. Ndi mtengo wa dizilo wa masiku ano, werengerani nokha pachaka. Ndiye ganizani: ndalama yomweyo, uku galimoto ya zaka zochepa, uku ya zaka zoposa 15 yomwe simukudziwa mbiri yake.

Mphwanga_Joni
Kasungu ndi chigwa, bambo. Mukuyerekeza ndi Misuku?

MlimiWaKasungu
Bwerani mu February mudzaone madambo athu. Komanso pachitunda ndi pomwe turbo imapambana, funsani a Sipanala.

Sipanala17
Zoona zimenezo. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 10 peresenti pa mamita 1,000 aliwonse omwe mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka. 1HZ ku Nyika, komwe kumapitirira mamita 2,000, imakwera ikufuka utsi wakuda, giya yachiwiri. Ili ngati ng'ombe yapangolo, siithamanga koma siibwerera m'mbuyo. Ena amaiika turbo yogula padera. Musayese. Mapisitoni ake sadapangidwire kutentha kumeneko.

Nkhawa yanga pa Mahindra si dzina lake. Ndi mtundu wa injini, ndipo nkhawa yomweyo ndili nayo pa Hilux GD-6, D-Max, Ranger, ngakhale Cruiser ya V8 yomwe idabwera mu 2007 ndi ya 2.8 yomwe idatuluka mu 2023. Zonsezi ndi common rail. Dizilo amapanikizidwa kupitirira 1,600 bar, manozo ake amayendetsedwa ndi kompyuta, ndipo timipata take ndi tating'ono zedi. Madzi pang'ono kapena fumbi m'dizilo, manozo anayi apita limodzi ndi pampu. Ikayatsa nyali pa dashboard pamafunika makina owerengera. Kodi ku Misuku alipo? Komanso Mahindra kutsogolo ilibe chitsulo chimodzi cholumikiza matayala ngati zitatu zinazo, tayala lililonse limayenda palokha. Pa tala n'kokoma, koma ma ball joint ndi mabushi amatha msanga m'miyala.

Kabaza_Boy
Nkhani ya dizilo wakuda ndiyo yeniyeni. Mafuta akasowa tonse timathera ku zigubu. Mnansi wanga adagula kwa anyamata ena pamsewu, osadziwa kuti asakaniza ndi parafini, galimoto yake yagona pakhomo mpaka pano.

WaChipata
Ndiye bwerani mudzagule kuno ku Chipata, malire a Mwami ndi pafupi.

Kabaza_Boy
Ndi kwacha iti, akulu? Chigwetsereni ndalama yathu ndi 44 peresenti mu November 2023, chilichonse chodutsa malire chikuluma. Tayala limodzi la 4x4 lero ndi malipiro a munthu.

MayiWaEsiteti
Ine chimandiwawa ndi choti tikukangana za galimoto pomwe vuto ndi msewu. Khofi wa ku Misuku amagulitsidwa kunja, amabweretsa ndalama zomwe dziko likulira, koma mlimi ayenera kugula galimoto yankhondo kuti atulutse mbewu yake. Kuno kummwera namondwe Freddy atadutsa mu March 2023, ku Phalombe ndi ku Mulanje kudali malo omwe ngakhale Cruiser siinkafika, milatho itapita. Msewu ukakhala wabwino, lole ya matani atatu imagwira ntchito ya maulendo atatu a pickup, pa dizilo wochepa.

NaPhiri_Ntchisi
Zoona mayi. Ife kwathu feteleza amafika pamsika pa lole, kuchoka apo ndi ngolo ndi njinga zamoto.

AgogoLandRover
Kale kudali anthu okonza msewu okhala m'mbali mwa msewu momwemo, aliyense ndi chigawo chake, khasu ndi wilibala. Ngalande zinkatsegulidwa mvula isanabwere. Madzi ndiwo amapha msewu wafumbi, osati galimoto.

Mlembi_Wagulu
Abale, nkhani ya misewu ndi yofunika, tiitsegulire mutu wakewake. Pano tibwerere kwa a ku Misuku, komiti yawo ikudikira yankho.

DalaivalaWaAmbulansi
Ndayendetsa ambulansi ya Cruiser 78 kwa zaka zambiri m'misewu ya kumidzi, ndiye ndinene zomwe ndaona ndili pachiwongolero.

Choyamba, mwatchula zonyamula odwala. Single cab ndi ya anthu awiri, atatu mopanikizana. Kumbuyo kwa 79 kuli masipulingi a mapale olimba, opangidwira tani imodzi. Ikakhala yopanda katundu imadumpha kwambiri, ndipo mayi woyembekezera kumugoneka kumeneko pamsewu wa miyala n'kumuzunza. Ikani matiresi okhuthala, ikani tenti, ndipo siyani matumba angapo a mchenga pamwamba pa matayala akumbuyo, imafewako. Pa chitonthozo Defender ndi Mahindra zimaiposa.

Chachiwiri, Cruiser zakalezi zilibe ma airbag kapena ABS, ndi zazitali komanso zopapatiza. Ngozi zambiri zomwe ndaziona si za kufa kwa injini, ndi za kugubuduka: katundu wasanjikizidwa kupitirira denga, anthu akhala pamwamba pake, dalaivala walowa pakona mothamanga. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi, ndipo pamenepo mwafika kale pafupi ndi malire ake. Anthu amaika 35 n'kumati Cruiser siimva. Imamva. Chasisi chimang'ambika kuseri kwa kabini, mabuleki amatentha pamtsetse.

Chachitatu, potsika phiri ndi katundu, lowetsani low range (magiya a 4x4 oyenda pang'onopang'ono koma amphamvu) musanayambe kutsika, giya yoyamba kapena yachiwiri, injini igwire galimoto. Phazi lisakhale pa klatchi. Ndipo mukafika pa tala chotsani four wheel. Ya Cruiser, Patrol ndi Mahindra ilibe diff yapakati, ndiye pa tala matayala akutsogolo ndi akumbuyo amalimbana pokhota, mpaka china chithyoke. Galimoto zambiri za mabungwe zimaonongeka motero.

Mukandifunsa ine, tengani Cruiser, koma ndalama ina muisunge yophunzitsira dalaivala mmodzi wokhazikika. Makiyi asamayende m'manja mwa komiti yonse.

Jimny_Wanga
Bwanji osaganizira Suzuki Jimny? Ili ndi chasisi, low range, ndipo imalemera pafupifupi makilogalamu 1,100 okha. Pomwe zolemera zimatitimira iyo imangodutsa pamwamba.

Mphwanga_Joni
Feteleza mumuika pati?

Jimny_Wanga
Ndavomera, siinyamula ngakhale makilogalamu 400 kuphatikizapo anthu. Ndimanena za mlangizi woyendera minda, osati yonyamula zokolola.

NyasaBirmingham
Pali inanso yomwe anthu kuno amaitchula, Ineos Grenadier. Mwini kampaniyo, Jim Ratcliffe, adaipanga Defender yakale itasiya kupangidwa. Amaipangira ku Hambach ku France, injini ndi ya BMW ya malita 3.0, giyabokosi ya automatic. Ma axle ake ndi olimba ngati akale, koma mtengo wake ndi makompyuta ake si za gulu la alimi. Ndangoitchula kuti muone kuti galimoto yosavuta ngati 1HZ ikusowa padziko lonse. Malamulo a utsi ku Ulaya salolanso injini zotero, n'chifukwa chake yatsala ku Africa ndi madera ena ochepa.

WaChipata
Kuno kwathu ku Zambia, ku Mfuwe ku South Luangwa, makampu a alendo amagwiritsa ntchito Cruiser ndi Land Rover zomwe. Zaka zapitazi ambiri akhala akusinthira ku Cruiser, ndipo mukawafunsa amakaniko awo chifukwa chake ndi chomwe anena a Sipanala: chitsulo chimapezeka ku Chipata kapena ku Lusaka mosavuta. Koma Hilux yakale ija ya chitsulo chimodzi kutsogolo, ya isanafike 1997, musaipeputse mukaipeza yabwino.

WaKhofi_Misuku
Zikomo kwambiri nonse, ndikulemba zonse m'kope. Defender ndaona kuti tiisiye. Mtima wanga uli pa Cruiser, koma achinyamata a m'komiti akukakamira Mahindra chifukwa cha dizilo ndi zaka zake. Funso langa kwa bambo Sipanala: Cruiser yoyenda makilomita opitirira 400,000 si chitsulo chotha kale? Tikakaiona tiyang'ane chiyani?

MlimiWaKasungu
Achinyamatawo akuganiza bwino. Mukasankha Mahindra, ikani fyuluta yachiwiri yolekanitsa madzi isanafike ya pa injini, gulani dizilo papampu pokha, ndipo mafuta akapezeka sungani m'mgolo woyera wotseka bwino, wosakhudza pansi. Sungani ma ball joint ndi mafyuluta pashelefu. Mukatero nkhawa zambiri za a Sipanala zachepa.

NaPhiri_Ntchisi
"Papampu pokha" n'kosavuta kunena muli pa M1. Pampu yapafupi ndi Misuku ikauma sabata zingapo, khofi ali m'matumba, wogula akudikira, mukuganiza kuti komiti idzakana chigubu?

Sipanala17
Kuona maso a nkhono n'kudekha, musapite ndi ndalama m'thumba tsiku loyamba. Nambala ya makilomita payokha siindiopsa. 1HZ yosinthidwa oyilo pa nthawi yake imapitirira pamenepo osatsegulidwa. Ya bungwe ili ndi mwayi woti mwina buku la sevisi lilipo, lipempheni.

Fikani m'mawa injini isanalizidwe, muigwire ndi dzanja kuti mutsimikize kuti ndi yozizira. Ilire msanga nyali ya ma heater (otenthetsa m'masilinda injini isanalire) ikazima. Utsi woyera pang'ono poyamba si vuto, koma ukapitirira injini itatentha, kapena ukakhala wabuluu, pali nkhani. Tsegulani chotsekera oyilo injini ikulira: ikamapuma utsi wambiri pamenepo, maring'i atha. Yang'anani m'rediyeta ngati mukutuluka thovu. Ngati n'kotheka makaniko wanu ayeze compression ya masilinda onse 6, asasiyane kwambiri.

Kenako lowani pansi. Kuseri kwa matayala akutsogolo kuli mipira yachitsulo yomwe tayala limakhoterapo. Mukaona phala lakuda la girizi wosakanikirana ndi oyilo likuyenderera pamenepo, masilo atha, ndi ntchito ya tsiku lonse koma yotheka, muigwiritse ntchito potsitsa mtengo. Chomwe muyenera kuthawa ndi chasisi chowotcherera, makamaka kuseri kwa kabini ndi pomwe pamangidwa bokosi la chiwongolero. Werengani mapale a masipulingi ngati palibe lothyoka. Poiyesa, ikani giya yachisanu, pondani mafuta n'kusiya mwadzidzidzi kangapo, muone ngati giya ikutuluka yokha kapena kulira. Khomani ma hub, lowetsani low range pamalo a fumbi, khotani mbali zonse mukumvetsera kugogoda. Pomaliza nambala ya chasisi ndi ya injini zifanane ndi za pa blue book, ndipo popeza idali ya bungwe, funsani pepala losonyeza kuti nkhani ya msonkho ku MRA idatha, chifukwa zambiri zotero zimalowa m'dziko mosalipira msonkho ndipo pogulitsa pamafunika chilolezo.

Patrol_Mpaka_Kale
Zomwezo mukachitenso pa Patrol ija musanaitaye. Ikapezeka kuti ndi yosamalidwa kuposa Cruiser, ine ndingatenge yosamalidwayo.

Sipanala17
Pamenepo sinditsutsa. Chasisi cha Cruiser chikapezeka chowotcherera, pitani ku Patrol, ndipo tsiku logula lomwelo muitanitsiretu mabering'i a matayala, masilo, klatchi ndi mapaipi a madzi, zikhale m'kabati ya gulu.

DalaivalaWaAmbulansi
Ndiwonjezere za matayala, popeza achinyamata adzafuna aakulu otambalala. Pa dothi lofiira loterera, opapatiza a 7.50R16 a mano akuya amaboola matope n'kugwira pansi polimba, komanso amapezeka m'matauni ambiri chifukwa malole aang'ono amavalanso saizi imeneyo. Ngati marimu ake ndi ogawika aja okhala ndi mkombero wochotsa, popopa mpweya mkomberowo uyang'ane pansi kapena kukhoma, munthu asaweramirepo, chifukwa ukafwamphuka umapha. Gulaninso matcheni a matayala akumbuyo, fosholo, jeke wamtali ndi thabwa lochindikala loikapo jekeyo, zizikhala m'galimoto kuyambira December mpaka April.